Mafunso a Owerenga: Ma Thread, Muyezo wa POSIX ndi Mayeso Ake

Makalata anayi a mwezi uno achokera m'chigwa cha Shire, ndipo onse akukhudza ma thread a m'mapulogalamu a kompyuta, muyezo wa POSIX (chikalata cha malamulo a mmene masisitimu a makompyuta ayenera kugwirira ntchito) umene umawalamulira, ndiponso mayeso oonetsa ngati layibulale, gulu la code yolembedwa kale imene mapulogalamu amagwiritsa ntchito, ikutsatadi muyezowo. Makalatawa tawafupikitsa, koma mfundo za owalemba sitinazisinthe.

Funso: Ndimasamalira zipangizo zoyezera madzi m'ngalande za sikimu ina yothirira kufupi ndi Nchalo. Kakompyuta kamodzi kamalandira manambala kuchokera ku zipangizo zitatu, ndipo pulogalamu yake, yolembedwa m'chilankhulo cha C, ili ndi thread imodzi pa chipangizo chilichonse ndi ina yotumiza manambalawo ku ofesi. Pa sisitimu ya Debian inkayenda bwinobwino. Titaisamutsira pa Alpine Linux, chifukwa choti ndi yaing'ono ndipo sidya bandulo yambiri, yayamba kufa ikangoyamba, n'kusiya uthenga woti Segmentation fault. Anzanga akuti masisitimu onse awiri amatsata POSIX. Nanga bwanji pulogalamu imodzimodziyo ikuyenda kwina n'kumafa kwina? Wa zamagetsi, Nchalo.

Achimwene, anzanuwo sakunama, koma kutsata POSIX sikulonjeza zonse zimene inu mukuyembekezera. Ndiyambe ndi maziko chifukwa cha owerenga ena. Pulogalamu ikakhala ndi ma thread anayi, monga yanuyo, ndiye kuti mkati mwake mukuyenda ntchito zinayi pa nthawi imodzi, zonse zikugwiritsa ntchito memory imodzi, ndipo kernel, mtima wa sisitimu, ndi imene imasankha thread yoti ipatsidwe purosesa pa kamphindi kalikonse. Wolemba pulogalamu sakambirana ndi kernel mwachindunji, koma amaitana ma function a layibulale, monga pthread_create poyambitsa thread, pthread_join poidikira kuti imalize, ndi pthread_mutex_lock potseka malo amene ma thread awiri sayenera kulowamo pamodzi. Ma function amenewa anakhazikitsidwa ndi bungwe la IEEE m'chaka cha 1995, m'gawo la POSIX lotchedwa 1003.1c, patapita zaka zisanu ndi ziwiri chitulukireni POSIX yoyamba mu 1988. Masiku ano muyezowu umasamalidwa ndi Austin Group, kumene IEEE, The Open Group ndi ISO amakhalira pamodzi, ndipo unakonzedwanso kwambiri mu 2001, mu 2008 ndi mu 2024.

Muyezowo ndi chikalata chabe, ndipo malayibulale enieni amalembedwa ndi magulu osiyanasiyana. Debian imagwiritsa ntchito glibc, pamene Alpine imagwiritsa ntchito musl. M'chikalatacho muli zinthu zimene chimalamula, muli zina zimene chimasiyira wolemba layibulale kuti asankhe yekha, ndiponso muli zina zimene chimachenjeza poyera kuti mukazichita, chotsatira chake palibe angachilonjeze. Kukula kwa stack, malo amene thread iliyonse imasungiramo manambala ake akanthawi, kuli m'gulu lachiwirilo. Kawirikawiri glibc imapatsa thread iliyonse ma megabyte 8, potengera malire amene sisitimu yaika, pamene musl imapereka ma kilobyte 128 okha, kutanthauza kuti malowo achepa ka 64. Ngati mu function imene thread yanu imayambira muli tebulo lalikulu, tinene losungira manambala a tsiku lonse, pa Debian limakwana popanda wina kuzindikira kuti ndi lalikulu, koma pa Alpine limasefukira kunja kwa malire, ndipo kernel imapha pulogalamuyo nthawi yomweyo. Zimene mwafotokoza zikugwirizana kwambiri ndi vuto limeneli, kotero ndikanakhala inu ndikanayambira pamenepo. Mankhwala ake ali m'muyezo momwemo: itanani pthread_attr_setstacksize musanayambitse thread, n'kunena kukula kumene mukufuna, kapena chotsani tebulolo pa stack n'kulipezera malo ndi malloc.

Popeza mwatsegula kale code, pali misampha ina iwiri ya mtundu womwewu imene ndi bwino muichotseretu. Woyamba uli pa pthread_cond_wait, imene thread yanu yotumiza mwina imagwiritsa ntchito pogona kudikira manambala. POSIX imalola kuti thread yogona motere idzuke popanda woidzutsa, ndiponso n'zotheka kuti pamene ikudzuka ipeze thread ina itatenga kale zimene inkadikirazo. N'chifukwa chake pthread_cond_wait iyenera kukhala mkati mwa while, osati mkati mwa if, kuti thread ikadzuka iyambe yaona ngati manambala alipodi, ndipo ngati palibe igonenso. Pulogalamu yolembedwa ndi if ikhoza kuyenda zaka osaonetsa vuto, mpaka tsiku limene ku ofesi kudzafika uthenga wopanda kanthu, kapena nambala ya dzulo, pa nthawi imene wina akuganiza zotsegula geti ya ngalande. Msampha wachiwiri uli pa kaonedwe ka zolakwika. Ma function ambiri a C akalephera amabweza -1 n'kuika chifukwa chake mu errno, koma a pthread amabweza nambala ya vutolo mwachindunji, monga EAGAIN pamene pthread_create yasowa zofunika poyambitsa thread. Munthu amene amangoyang'ana ngati kwabwera -1 sadzadziwa n'komwe kuti thread yake sinayambe.

Pa nkhani ngati yanuyi sindithamangira kuloza chala layibulale iliyonse mwa ziwirizo. Kawirikawiri pulogalamu ndi imene imakhala itazolowera khalidwe la layibulale imodzi n'kumaliyesa lamulo, ndipo kusamuka kumangoulula zimene zinali zobisika.

Funso: Ndine mtsikana wa ku Ngabu, ndipo ndili m'chaka chachiwiri cha maphunziro a zamakompyuta. M'kalasi tinauzidwa kuti Linux imatsata POSIX. Kodi amatsimikizira zimenezi ndani, ndipo amayesa motani? Wophunzira, Ngabu.

Achemwali, funso lanu ndi limene mlimi wa thonje kwanuko amafunsa akaima pamaso pa sikelo ya wogula. Iye sakhulupirira sikeloyo chifukwa choti mwini wake wanena kuti ndi yabwino. Amafuna kuona chidindo cha a Malawi Bureau of Standards, amene amaikapo zitsulo za kulemera kodziwika n'kuona ngati ikuwerenga molondola. Komabe ngakhale sikelo ya chidindo inayesedwa ndi zitsulo zingapo zokha, pa tsiku limodzi, ndipo chidindocho sichinena zimene sikeloyo idzachite chaka chamawa.

Pa masisitimu a makompyuta, chidindo chimaperekedwa ndi The Open Group, bungwe limene lili ndi umwini wa dzina la UNIX. Kampani ikafuna kuti sisitimu yake itchedwe dzinalo, imalipira ndalama ndipo sisitimuyo imadutsa m'mayeso ambiri a bungweli, kuphatikizapo a ma thread. Sisitimu ya Apple inalandira chiphaso cha UNIX 03 mu 2007, pa Mac OS X 10.5, ndipo AIX ya IBM nayonso ili nacho. Mitundu ya Linux imene mumagwiritsa ntchito kusukulu, monga Debian, Ubuntu kapena Fedora, ilibe chiphasochi, chifukwa eni ake sanachione kukhala choyenera ndalamazo pa sisitimu yosintha mofulumira chotere. Choncho aphunzitsi anu akamati Linux imatsata POSIX, akutanthauza kuti olemba ake amayesetsa kutsata chikalatacho ndipo amadziyesa okha ndi mayeso oonekera kwa aliyense. Odziwika kwambiri ndi a Open POSIX Test Suite, amene tsopano amasungidwa mkati mwa Linux Test Project, ndipo mukhoza kuwakopera pa intaneti mwaulere.

Kalembedwe ka mayesowa n'kosavuta kumva. Munthu amatenga tsamba la muyezo lofotokoza function imodzi, n'kugawa zimene likulamula m'mfundo zing'onozing'ono, ndipo mfundo iliyonse amailembera kapulogalamu kake. Titenge pthread_mutex_trylock. Muyezo umati ngati mutex, loko wotsekera malo ogawana, ili kale m'manja mwa thread ina, function imeneyi isadikire, koma ibwerere nthawi yomweyo ndi nambala ya EBUSY. Kapulogalamu koyesera kamayambitsa thread yoyamba imene imatseka mutex n'kuigwirabe, kenaka thread yachiwiri imaitana pthread_mutex_trylock, ndipo chimene chabwera chimayerekezedwa ndi EBUSY. Kapulogalamuko sikachita china chilichonse, ndipo ndi bwino choncho, chifukwa kakalephera munthu amadziwa chiganizo chenicheni cha muyezo chimene chaswedwa.

Zotsatira zake zilipo zisanu, osati ziwiri monga ambiri amaganizira. PASS ndi FAIL n'zodziwikiratu. UNSUPPORTED imatanthauza kuti sisitimu ilibe gawo limenelo ndipo muyezo umalola kuti lisakhalepo, UNTESTED imatanthauza kuti palibe mayeso olembedwa a mfundoyo, pamene UNRESOLVED imatanthauza kuti mayesowo anagwa panjira asanafike pa chimene ankafuna kuyesa, mwachitsanzo thread yoyamba ija italephera kuyamba. Munthu akakuonetsani lipoti lopanda FAIL ngakhale imodzi, mufunseni kuti zitatu zinazo zilipo zingati, chifukwa sisitimu yosowa magawo ambiri imatha kutulutsa lipoti looneka loyera kuposa sisitimu imene inayesetsa kuchita zonse.

Mbiri ya Linux yeniyeniyo ikusonyeza kufunika kwa mayeso otere. Layibulale yake yoyamba yotchuka ya ma thread inali LinuxThreads, imene Xavier Leroy anailemba mu 1996, pa nthawi imene kernel inalibe njira yabwino yoonera ma thread angapo ngati a pulogalamu imodzi. Mayina a ma function anali a POSIX, koma khalidwe linali losiyana pa mfundo zikuluzikulu. Muyezo umati getpid, function yonena nambala ya pulogalamu, ibweze nambala imodzi mu thread iliyonse ya pulogalamu, koma mu LinuxThreads thread iliyonse inkabweza nambala yakeyake. Signal, kauthenga ka sisitimu, yotumizidwa ku pulogalamu yonse inkangofika ku thread imodzi imene inali ndi nambalayo. Ndiponso pankafunika thread yapadera yoyang'anira zinzake, imene ikafa zinthu zinkasokonekera. Mapulogalamu ochokera ku Solaris ndi masisitimu ena ankavutika nazo zimenezi. Mu 2003 kunabwera layibulale ina, NPTL, yolembedwa ndi Ulrich Drepper ndi Ingo Molnár a ku Red Hat, modalira zinthu zatsopano za mu kernel monga futex, ndipo inakhazikika pamodzi ndi Linux 2.6 imene inatuluka mu Disembala chaka chomwecho. Pofika pa glibc 2.4 mu 2006, LinuxThreads inasiyidwa kotheratu. Mukalemba getconf GNU_LIBPTHREAD_VERSION pa kompyuta ya Debian kapena Ubuntu, mudzaona dzina la NPTL ndi nambala yake.

Ngakhale lero palibe sisitimu imene ingadzitame kuti ilibe banga. Tsamba la malangizo a pthreads pa Linux limavomereza lokha kuti pa NPTL ma thread a pulogalamu imodzi sagawana nambala imodzi ya nice, imene imathandiza kusankha wopatsidwa purosesa, monga muyezo umafunira. macOS ya Apple, ndi chiphaso chake chija, ilibe pthread_barrier_wait, chifukwa pa muyezo wa 2001 umene inayesedwera gawo limeneli linali losakakamiza, ndipo linakhala lokakamiza mu 2008. Layibulale ya Bionic, imene ili mu foni ya Android ya m'thumba mwanu, ilibe pthread_cancel, chifukwa olemba ake anasankha dala kusaiika. Choncho mukamva kuti sisitimu imatsata POSIX, funsani kuti POSIX ya chaka chiti, ndiponso magawo ati.

Funso: Ndimaphunzitsa zamakompyuta pa sekondale ina ku Bangula. Ndamva kuti olemba malayibulale amayendetsa mayeso akale omwewo mobwerezabwereza, pafupifupi tsiku lililonse. Ngati layibulale inakhoza kale, kubwerezako n'kwa chiyani? Mphunzitsi, Bangula.

Aphunzitsi, layibulale imene inakhoza dzulo si imene ilipo lero, chifukwa usiku wina wasinthamo mizere ingapo. Mayeso amene ndafotokozera achemwali a ku Ngabu amachokera m'chikalata cha muyezo, pamene amene mukufunsa inu, otchedwa regression tests, amachokera ku mavuto amene anachitikapo kale. Vuto likapezeka n'kukonzedwa, wokonzayo amalemba kapulogalamu kobweretsa vutolo dala, ndipo lamulo lake ndi lakuti kapulogalamuko kalephere pa layibulale yosakonza, kenaka kakhoze pa yokonza. Ngati kakukhoza ponseponse, ndiye kuti sikakuyesa kanthu. Kuyambira pamenepo kamakhala m'gulu la mayeso amene amayendetsedwa wina akasintha chilichonse. Mu code ya glibc muli foda yotchedwa nptl, yodzaza ndi mafayilo oyamba ndi tst-, ndipo lamulo la make check limawayendetsa onse pamodzi ndi ena a magawo ena. Woyesayo amayerekeza zotsatira za kale ndi za tsopano, ndipo chimene chinali PASS n'kusanduka FAIL ndicho chimaimitsa ntchito. Ngati sizikudziwika kuti kusintha kuti kunabweretsa vutolo, lamulo la git bisect limagawa mndandanda wa zosinthazo pakati mobwerezabwereza, moti pa zosintha 1,000 munthu amapeza yolakwikayo atayesa pafupifupi ka 10 kokha.

Phindu lake linaoneka bwino mu Ogasiti 2021, pamene glibc 2.34 inasamutsa layibulale yonse ya ma thread, libpthread, n'kuiphatikiza mu layibulale yaikulu, libc. Kusamutsa kotere kumakhudza pafupifupi function iliyonse ya ma thread, ndipo palibe munthu wanzeru akanakuyesa popanda mayeso osonkhanitsidwa kwa zaka zambiri. Komanso glibc yomweyo inaonetsa malire a mayesowa, chifukwa inasintha PTHREAD_STACK_MIN, kukula kochepetsetsa kololedwa kwa stack ya thread, kuti kwa mapulogalamu ambiri isakhalenso nambala yokhazikika, koma izifunsidwa pulogalamu ikuyenda. Muyezo umalola zimenezi ndipo mayeso a glibc sanadandaule, koma mapulogalamu a anthu ena amene ankaiyesa nambala yosasintha anakana kumangika mpaka eni ake atawakonza.

Ngati mukufuna kuti ana asukulu aone ndi maso chifukwa chake zonsezi zilipo, pali ntchito imene sifuna intaneti. Alembe pulogalamu ya ma thread awiri, iliyonse iwonjezere 1 pa nambala imodzi yogawana ka 1,000,000, ndipo aimange ndi gcc -O0 -pthread. Yankho loyembekezeka ndi 2,000,000, koma pa kompyuta ya ma core awiri kapena kuposerapo adzapeza nambala yocheperapo, yosinthasintha nthawi iliyonse akaiyendetsa, chifukwa kuwonjezera 1 ndi ntchito zitatu, kuwerenga, kuphatikiza ndi kulemba, ndipo thread ina imalowerera pakati pake. Kenaka aike mutex, aone nambala ikukwana, ndipo asunge pulogalamu yoona ngati yankho lili 2,000,000. Akatero ndiye kuti alemba regression test yawo yoyamba.

Funso: Ndimagwira ntchito ndi gulu lochenjeza anthu za kusefukira kwa madzi m'mbali mwa Ruo ndi Shire, cha ku Chiromo ndi Makhanga. Chichitikireni namondwe Freddy mu Malichi 2023 tinaika kakompyuta ka Raspberry Pi m'bokosi lachitsulo pafupi ndi mtsinje, kuti kazitumiza uthenga madzi akakwera. Mayeso onse a pulogalamu yathu amakhoza. Komabe mwa apo ndi apo pulogalamuyo imangoti zii, osafa koma osatumizanso kanthu, makamaka masana m'nyengo yotentha. Tikazimitsa n'kuyatsanso imayenda. Kodi mayesowa ali ndi ntchito yanji ngati sakugwira vuto lotere? Wodzipereka, Makhanga.

Bambo, pa makalata onse anayi lanu ndi limene landidetsa nkhawa, chifukwa chipangizo chochenjeza chikakhala chete anthu amaganiza kuti mtsinje uli bwino. Mayeso anu ali ndi ntchito, koma muyenera kudziwa chimene amatsimikizira. Pulogalamu ya thread imodzi mukaipatsa manambala omwewo imadutsa njira yomweyo nthawi zonse, kotero ikakhoza kamodzi yakhoza. Pulogalamu ya ma thread angapo siili choncho, chifukwa dongosolo limene ma thread amasinthanirana purosesa limasiyana nthawi iliyonse, ndipo madongosolo otheka ndi ochuluka kwambiri moti palibe mayeso angawayende onse. Mayeso akakhoza amangonena kuti pa dongosolo limene linachitika tsiku limenelo vuto silinaoneke.

Kuima kumene mwafotokoza, pulogalamu ili moyo koma osachita kanthu, nthawi zambiri kumabwera m'njira ziwiri. Yoyamba ndi deadlock: thread yowerenga madzi yatseka mutex ya manambala ndipo ikudikira mutex ya modemu, pamene thread yotumiza yatseka ya modemu ndipo ikudikira ya manambala, ndiye zonse ziwiri zidzadikirana mpaka kalekale. Izi zimachitika pokhapokha ziwirizo zikafika pa malo amenewo m'kamphindi kamodzi, mwina kamodzi pa maulendo zikwi zambiri. Yachiwiri ndi yoti uthenga wodzutsa thread yogona watumizidwa thread isanagone, kapena watumizidwa nambala yogawana itasinthidwa popanda kutseka mutex, ndipo thread imagona kudikira uthenga umene unadutsa kale.

Mwachita bwino kutchula za kutentha. M'chigwamo m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala kutentha kumapyola madigiri 40, ndipo m'bokosi lachitsulo lokhala padzuwa mumatentha kuposa pamenepo. Raspberry Pi imayamba kuchepetsa liwiro la purosesa yake ikafika cha m'madigiri 80, ndipo imachitanso chimodzimodzi magetsi akachepa mphamvu. Liwiro likasintha, nthawi imene ma thread amakumanirana imasinthanso, moti dongosolo limene silinachitikepo pa tebulo la mu ofesi limayamba kuchitika m'mphepete mwa mtsinje. Kutenthako sindiko kwalemba vutolo mu code, koma kukhoza kukhala kumene kukuliulula. Lamulo la vcgencmd measure_temp lidzakuuzani kutentha kwa purosesa, ndipo vcgencmd get_throttled lidzakuuzani ngati liwiro linachepetsedwapo chiyatsireni. Muzilemba zonse ziwiri mu log mphindi zingapo zilizonse, kuti muone ngati kuimako kukugwirizana nazo.

Musadzione ngati olephera, chifukwa mavuto a mtundu uwu anapitirira ngakhale akatswiri amene ntchito yawo ndi yomweyi. Mu Febuluwale 2017 glibc 2.25 inabwera ndi pthread_cond_wait ndi pthread_cond_signal zolembedwa mwatsopano, ndipo cholinga chake chinali kutsata bwino lomwe zimene muyezo umafuna pa dongosolo la kudzutsa ma thread. Mayeso onse anakhoza. Mu 2020 kunaperekedwa lipoti, la nambala 25847, losonyeza kuti mwa kamodzikamodzi uthenga wodzutsa umatayika mkati mwa layibulale momwemo, thread n'kugona osadzukanso, ngakhale pulogalamu italembedwa molondola. Kukonza kwake kunalowa mu glibc 2.41 mu Januwale 2025, patapita zaka pafupifupi zisanu ndi zitatu chiyambireni vutolo. Sindikunena kuti limeneli ndilo lakugwirani, chifukwa limachitika mosowa kwambiri ndipo limakonda mapulogalamu a ma thread ambiri otanganidwa, koma kulemba ldd --version n'kuona glibc imene muli nayo sikukutayitsani kanthu, pokumbukira kuti masisitimu ena anaika okha mankhwalawo mu glibc yawo yakale.

Nkhani imene ikufanana kwambiri ndi yanu ndi ya Mars Pathfinder, chombo cha NASA chimene chinatera pa Mars pa 4 Julayi 1997 n'kuyamba kudzizimitsa ndi kudziyatsa chokha. Chinkayenda ndi sisitimu ya VxWorks. Ntchito ya ulemu wotsika, kutanthauza yopatsidwa purosesa pambuyo pa zinzake, yosonkhanitsa manambala a nyengo, inkagwira mutex imene ntchito ya ulemu wapamwamba inkaifuna, ndipo ntchito zapakati zinkalanda purosesa kwa yotsikayo isanamasule mutex, mpaka wotchi yolondera inkaona kuti ntchito yofunika yachedwa n'kuyambitsanso kompyuta yonse. Mainjiniya anali ataliwonapo vutoli chombo chisanatere, koma analephera kulibwereza pofuna kulifufuza. Litavuta anayendetsa chombo chofanana nacho mu labu yawo, akulemba chilichonse chochitika, mpaka linachitikanso pamaso pawo, ndipo anatumiza ku Mars kusintha kochititsa kuti ntchito yogwira mutex ibwereke ulemu wa ntchito imene ikuidikira. Mu POSIX mankhwala omwewo ndi PTHREAD_PRIO_INHERIT, imene imaikidwa ndi pthread_mutexattr_setprotocol, ndipo ndi yofunika ngati munapatsa ma thread anu ulemu wosiyana. Chimene ndikufuna mutengepo ndi chakuti kuima kamodzi kosadziwika chifukwa chake si tsoka la tsiku limenelo, ndi umboni, ndipo nthawi iliyonse imene mwazimitsa n'kuyatsanso mwaufufuta.

Ulendo wina pulogalamu ikadzaima, musaizimitse msanga. Lumikizani laputopu, lembani gdb -p ndi nambala ya pulogalamuyo, kenaka thread apply all bt, ndipo mudzaona mzere umene thread iliyonse yaimapo. Mukapeza ma thread awiri ataima pa pthread_mutex_lock, ndi deadlock, ndipo mankhwala ake ndi kuika lamulo loti ma mutex onse azitsekedwa m'dongosolo limodzi mu pulogalamu yonse, ya manambala poyamba ndi ya modemu pambuyo, popanda kupatula malo ena. Mukapeza thread itagona pa pthread_cond_wait pamene manambala akuidikira, fufuzani malo onse amene nambala yogawanayo imasinthidwa.

Simufunikanso kudikira kuti iime. Mangani pulogalamuyo ndi -fsanitize=thread pa laputopu ya 64-bit, chifukwa ThreadSanitizer imagwira malo amene ma thread awiri akhudza nambala imodzi popanda chotchinga, ngakhale pa ulendo umenewo palibe choipa chachitika. Imachedwetsa pulogalamu kasanu mpaka ka 15, kotero ndi ya poyesera pokha. Helgrind, imene ili m'gulu la Valgrind, imadandaula ikaona ma mutex awiri akutsekedwa m'dongosolo losemphana, deadlock isanachitike n'komwe. Pambuyo pake yendetsani mayeso anu pa Raspberry Pi yeniyeniyo, osati kamodzi koma usiku wonse mobwerezabwereza, purosesa mutaitangwanitsa dala ndi stress-ng, ndipo mayeso aliwonse akhale ndi malire a nthawi, kuti oima awerengedwe ngati olephera m'malo mongokhala akudikira mpaka m'mawa. Mukalipeza vutolo, lembani mayeso olibweretsa dala, mwina poika kachedwe pang'ono pakati pa kutseka mutex yoyamba ndi yachiwiri kuti deadlock izichitika nthawi zonse, ndipo muonetsetse kuti akulephera musanakonze.

Zonsezi zichitike mvula isanayambe. Pakadali pano yatsani watchdog, wotchi yolondera ya Raspberry Pi, kuti iziyambitsanso kompyuta pulogalamu ikasiya kuyankha, koma muikonze mwakuti pulogalamu iziigwedeza pokhapokha ma thread onse aonetsa kuti akuyendadi, chifukwa thread yapadera yongogwedeza watchdog imapitiriza ntchito yake mosangalala ngakhale zinzake zonse zitaima. Chipangizocho chizitumizanso uthenga waufupi ola lililonse ngakhale madzi asanakwere, ndipo pakhale munthu wodziwika ku Makhanga amene udindo wake ndi kuimba foni uthengawo ukadumpha kawiri motsatizana.